Tsiku Lomwe Amalume Anadzatenga Triza

Ndowa ya Alesi inali itadzaza kalekale, madzi akusefukira m'ngalande, koma woitunga kunalibe. Amayi asanu anaima pampopi ndi ndowa zawo zouma, ndipo onse anacheuka pamodzi ataona Alesi akutsika kuchokera kumunda wa tiyi, dengu lili kumsana.

"Amake Triza, fulumirani mudzaone zodabwitsa," anatero Teleza wa khomo loyandikana ndi lake. "Ndowa yanu yatunga yokha. Tikudikira kuti mwina inyamukanso yokha."

"Mwanayo ali kuti?"

Teleza analoza ndi milomo. Kumapeto kwa nyumba za antchito a pa esiteti, komwe aliyense amangoti kulayini, kunali mtengo wa mapeyala. Panthambi yachitatu pankalendewera miyendo iwiri yotuwa.

"Triza!"

"Amayi, bwerani mudzaone!" Mawuwo anatsika mumtengo ali osangalala kwabasi. "Nanzikambe uyu diso limodzi akuyang'ana ine, linalo akuyang'ana fakitale!"

"Nanga ndowa?"

"Ndowa iti?"

Amayi a pampopi anafa nalo phwete. Alesi nayenso kuseka kunamufika pakhosi, koma kunabwerera pomwepo atakumbukira kuti tsikulo linali Lachitatu, ndipo mawa lake achimwene ake amabwera kudzatenga mwanayo.

Triza anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Sitandade 3 ankaibwereza. Sikuti nzeru analibe, ayi. Mathalakitala onse a pa esiteti ankawadziwa ndi kulira kwake, ndipo nyimbo akaimva kamodzi kutchalitchi ankabwera nayo kunyumba yathunthu. Koma ukamutuma zinthu zitatu ankabwera ndi chimodzi, chimodzichonso chosatumidwa. Mapensulo ankasowa, makope ankagona kusukulu, nsapato imodzi inkafika kunyumba tsiku losiyana ndi inzake. M'kalasi ankayankha funso aphunzitsi asanamalize kufunsa, kenako n'kudzuka kukaona chomwe chadutsa pawindo. Alesi anali atayesa kukalipa, kunyengerera, kakhwapulo, ngakhale kupita naye kwa abusa kuti amuike manja. Abusa atatseka maso, Triza anawafunsa chifukwa chake wotchi yawo inali itaima.

Zonsezi zinali zopiririka. Chomwe chinathyola mtima wa Alesi chinachitika mlungu wathawo. Pa nthawi yopuma kusukulu, Triza anamva thalakitala ya bambo ake ikudutsa ndi masamba, n'kuilondola. Sukulu yonse inamufunafuna mpaka m'zigwa ndi kudamu. Anakamupeza pageti la fakitale, mtunda wa ola lathunthu, akufunsa mlonda kuti masamba obiriwira amada bwanji. Ahedi analemba kalata yoti makolo abwere Lachisanu. Tsiku lomwelo Alesi anaimbira foni achimwene ake a Winston ku Thekerani n'kunena mawu amene tsopano ankalakalaka atawameza: "Bwerani mudzamutenge, ine ndalephera."

A Winston sanachedwe kugamula. Mwanayo apita kumudzi, sukulu ayamba waisiya, azikathandiza azakhali ake m'munda wa nthochi mpaka mutu utakhazikika.

Mkwiyo unatha patapita masiku awiri, koma mwinimbumba saitanidwa mwamasewera. Kwa anthu a kwawo kwa Alesi, mwana ndi wa kuchikazi. Bambo abereka, adyetsa, aveka, koma nkhani ikakula mawu omaliza amakhala a mlongo wake wa mayi.

Madzulo a Lachitatulo Crispin, bambo ake a Triza, anakhala pakhonde akupukuta girisi m'manja ndi kansanza.

"Ndiye mwana wanga akupitadi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Inu mukanalankhula nawo alamu anu."

"Ine? Mkamwini? Ndikatsegula pakamwa adzandifunsa kuti mwanayo ndinabwera naye m'thumba kuchokera kwathu kapena bwanji." Anaponya kansanza pansi. "Amake Triza, nyumba ino popanda phokoso la mwana uja idzakhala ngati ofesi ya abwana."

Alesi ankayang'ana Triza yemwe anatumidwa kukatsekera nkhuku, koma anali atagwada pakhomo la khola akuziphunzitsa nyimbo ya kwaya.

A Winston ananena kuti afika naini koloko m'mawa. Anafika dzuwa litapendeka, atavala jekete lakuda la kumaliro ndi kumilandu, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, tinayamba kuda nkhawa," anatero Alesi akuwalandira ndi manja awiri.

"Chemwali, usanene. Nditatsika pa Boma ndinapeza mnyamata wa kabaza tcheni chitaduka. Ndimusiye? Nditamulumikizira, kunali bawo pansi pa mtengo, ndipo mkulu wina ankasewera zomvetsa chisoni. Ndakubweretserani nthochi, mkoko wathunthu, zija zonona." Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumbuyo. "Zapita ku Limbe," anatero. "Ndaziiwala m'minibasi."

Crispin anatsokomola chitsokomolo chosadziwika bwino, n'kuwapatsa mpando.

Mpandowo sunawasunge nthawi. Anayamba bwino, manja pamaondo, nkhope ya mwinimbumba.

"Alamu, mtengo timauwongola ukadali waung'ono. Komanso mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwanayu mwamulekerera. Kumudzi kulibe mathalakitala oti azilondola, kuli khasu. Choyamba, adzidzuka mamawa. Chachiwiri... chitseko ichi chimalira chonchi masiku onse?"

Anadzuka, napempha mpeni, n'kuyamba kumasula mahinjesi. Ali mkati anaona kuti wailesi ili ndi waya wolendewera, nasiya chitseko chitatsamira khoma. Wailesi ili chitsegulire anamva nkhuku ikutsokomola, natuluka kukaiona kukamwa. Triza ankawatsatira paliponse, akuwapatsira zida ndi kuwathira mafunso, iwo akuyankha ena, ena akuwadumpha, onse awiri akulankhula nthawi imodzi koma akumvana bwinobwino.

"Chachiwiri chija n'chiyani, alamu?" Crispin anafunsa mwaulemu.

"Chachiwiri cha chiyani?"

Usiku umenewo banja linagona chitseko chitatchingidwa ndi mtondo.

Lachisanu m'mawa Alesi anapempha kapitawo kuti amumasule theka la tsiku. Crispin sakanasiya thalakitala, choncho kusukulu anapita atatu: a Winston patsogolo, Alesi pambuyo, Triza ponseponse. Kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene sikanyowetsa munthu msanga koma kamalowa mpaka m'mafupa, ndipo minda ya tiyi inkaoneka mbuu mpaka kuphiri.

Ahedi sanawasunge. Anati nkhaniyi aipereka kwa madamu Salehe, mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, yemwe ankayendera sukulu zinayi za m'deralo ndipo anali atamuonetsetsa Triza m'kalasi kwa milungu itatu. Anali mayi wamfupi, wa mpango wobiriwira wophimba mutu ndi khosi, ndipo ofesi yake inali kachipinda kosungiramo mabuku ndi matsache.

"Madamu, tisatayane nthawi," a Winston anayamba asanakhale n'komwe. "Ine ndine mwinimbumba. Ndabwera kudzakuuzani kuti mwanayu mumufute m'kaundula. Akupita kumudzi."

"Ndamva, bambo. Mawu omaliza ndi anu, sindikutsutsa. Koma poti mwayenda ulendo wautali, ndiloleni ndifunse amayiwa mafunso angapo. Triza, tenga tsamba ili la masamu, ukhale apo uyambe."

Triza analandira tsambalo. Linali ndi masamu makumi awiri. Analiyang'ana ngati munthu amene wapatsidwa phiri kuti alisamutse.

"Mayi, kodi mwanayu amataya zinthu kawirikawiri?"

"Ee, madamu. Tsiku lililonse."

"Zimenezo n'zachibadwa," a Winston analowerera. "Ndani sataya zinthu? Ine chaka chino chokha zipewa zitatu."

"Akayamba ntchito, amaimaliza?"

"Ntchito simalizika tsiku limodzi, madamu," anatero a Winston. "Munthu wamaso amaona zambiri zofunika kukonza."

Alesi anakumbukira chitseko chake, naweramitsa mutu.

"Amatha kukhala pansi nthawi yaitali, monga kutchalitchi?"

"Maulaliki a masiku ano ndi aatali mopanda chifundo. Ine ndimatuluka kawiri, kukaona ngati njinga za anthu zili bwino."

"Nanga kudula anthu mawu asanamali..."

"Ayi, zimenezo ayi. Ife kwathu sitidula anthu mawu."

Madamu Salehe anayang'ana a Winston, omwe pa nthawiyi anali ataimirira, stepula ya madamu yolumikizira mapepala ili m'manja ataiphwasula kale pawiri. Anayang'ana Triza, yemwe anali atapanga masamu awiri n'kupita pawindo kukawerenga madontho. Mwendo wamanja wa mwana unkagwedera. Mwendo wamanja wa amalume unkagwederanso, mofanana ngati anthu ovina tchopa ng'oma imodzi.

Alesi anayesetsa. Analuma mlomo, anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, anaganizira maliro a agogo ake. Sizinathandize. Kuseka kunamuphulika mpaka misozi, ndipo madamu nawo anabisa nkhope kuseri kwa kaundula, mapewa akugwedezeka.

"Chikusekedwa n'chiyani?" a Winston anafunsa.

"Pepani achimwene," Alesi anatero akupukuta maso. "Paja amati make mbuu, mwana mbuu. Koma kunoko zaoneka kuti ndi malume mbuu."

Madamu Salehe anakhazika nkhope. "Bambo, khalani pansi pang'ono, kapena imani ngati kuima kukukomerani. Zimene ndikuona mwa Triza zili ndi dzina. Madokotala amati ADHD. Pali ana ena amene ubongo wawo umavutika kugwira chinthu chimodzi nthawi yaitali, umavutika kudikira, ndipo thupi limafuna kuyenda. Si mwano, si ulesi, si kulodzedwa, komanso si kuti mayi analera moipa. Nthawi zambiri zimayenda m'magazi, m'banja. Ine si dokotala, ndiye sindingagamule. Ndikulemberani kalata mupite naye kuchipatala ku Boma akamuone bwinobwino. Koma chimene ndikudziwa n'chakuti ana otere amaphunzira, ena mpaka kuyunivesite, akapeza anthu owamvetsa. Kumuchotsa sukulu sikuchotsa vutoli. Adzapita nalo kumunda wa nthochi, n'kubwera nalo, sukulu yokha ndiyo idzatsale m'njira."

Mawu akuti "si kuti mayi analera moipa" anamulowa Alesi mpaka m'mimba. Zaka zonsezi ankayenda ndi mlandu umenewo kumsana, wolemera kuposa dengu la masamba onyowa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuzapo kuti autule.

Koma a Winston nkhope inali itagwa. Anaika zidutswa za stepula patebulo mwakachetechete.

"Madamu, ine ndabwera kudzatenga mwana, sindinabwere kudzapimidwa. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndamanga nyumba, ndakwatitsa ana. Lero ndiye ndimve kuti mutu wanga uli ndi matenda a Chingerezi? Chemwali, ukandipeza panja. Mawa tinyamuka ndi minibasi yoyamba."

Anatuluka. Alesi kuseka konse kunamuthera. Anadziwa kuti walakwitsa: mwinimbumba sasekedwa pamaso pa alendo, ndipo munthu wochititsidwa manyazi sabweza mawu.

"Ndaononga, madamu," anatero.

"Mwina ayi. Tiyeni tione za mwanayu kaye. Mwaona tsamba lija? Masamu amawadziwa, koma akaona onse makumi awiri pamodzi, mtima umathawa. Timafuna njira yomudulira ntchito m'tizidutswa, ndi kumulola adzuke pakatipakati."

Alesi analiyang'ana tsambalo nthawi yaitali. Iye sukulu analekera Sitandade 5, ndipo m'maofesi ankangoyankha kuti ee. Koma apa panali chinthu chimene ankachidziwa.

"Madamu, ndilankhule ngati wothyola tiyi?"

"Lankhulani."

"Tsiku langa loyamba pa esiteti, nditaona munda kuchokera pamsewu mpaka kuphiri, ndinafuna kubwerera kwathu. Koma kapitawo sakuuza kuti thyola munda. Amakupatsa mzere. Umayang'ana mzere wako basi. Dengu likadzaza umapita kusikelo, akuyeza, uwongola msana, useka ndi anzako, umwa madzi, kenako ubwerera kukatenga mzere wina. Pakanapanda sikelo, madamu, tonse tikanapenga."

Asanayankhidwe anatenga kope lakale patebulo, naphimba nalo tsamba la masamu, n'kusiya mzere umodzi wokha wa masamu anayi.

"Triza, bwera kuno. Lero ndiwe wothyola. Mzere wako ndi uwu, enawo si ako. Ukamaliza uthamangire kusikelo kwa madamu akakuyeze, ukazungulire mtengo wa mbendera kamodzi, ubwere ndikupatse mzere wina."

Maso a Triza anawala. "Kapitawo ndi ndani?"

"Ndine."

"Mukhale wolusa, amayi. Akapitawo samwetulira."

Anawerama. Lilime linatuluka pambali pakamwa. Masamu anayi anatha, nathamangira kwa madamu.

"Makilo anayi, masamba abwino okhaokha!" madamu analengeza akuchonga. Triza anatuluka ngati mphepo, nazungulira mbendera m'chiperoni muja, nabwera akupuma wefuwefu.

"Mzere wina, akapitawo!"

Mzere wachitatu analakwitsa imodzi chifukwa chothamanga, ndipo madamu anati dengulo lili ndi tsamba lokalamba, akalichotse. Anakonza akuseka. Mzere wachinayi anaima pakati n'kuyamba kufotokoza za nanzikambe, mpaka kapitawo anagogoda patebulo. Sizinali zamatsenga ayi, koma belu lisanalire tsamba lonse linali litatha, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire Sitandade 1. Triza analikweza m'mwamba ndi manja awiri n'kuvina nalo pakati pa matsache.

Madamu Salehe anali akulemba m'kabuku kawo. "Mayi, njira iyi ndikuibani. Ndili ndi ana ena asanu ndi awiri m'sukulu zanga, ndipo makolo awo onse amadziwa sikelo. Triza ndimuika kutsogolo, kutali ndi windo, ndipo ndiwapempha aphunzitsi ake kuti azimutuma kufufuta bolodi ndi kugawa makope, miyendoyo izipeza ntchito. Zikatheka kuti atsale."

Alesi atacheuka anaona jekete lakuda likuchoka pawindo.

Pobwerera anadzera njira yodutsa m'minda. Chiperoni chinali chitayamba kuyera, ndipo kutsidya kwa chigwa anzake a Alesi ankaoneka ngati timadontho ta mitundumitundu m'tiyi. Triza anathamangira kutsogolo mpaka anazimiririka. A Winston ankayenda manja kumbuyo, ali chete, zomwe zinamuopsa Alesi kuposa kukalipa.

"Achimwene, ndikhululukireni. Sindinayenere kuseka."

"Unaseka zoona." Anathyola kansonga ka tiyi n'kuyamba kukafikisa m'zala. "Iwe unali kumsana nthawi imeneyo, sungakumbuke. Amayi anakuuza kuti ndinapita kutsidya kwa Ruo chifukwa chiyani?"

"Ankati munali wamphamvu, amalume ankafuna wowathandiza kumunda."

"Wamphamvu!" Anaseka pang'ono. "Ndinali ngati kamwana aka. Aphunzitsi anatopa nane, amayi anatopa nane, anaitana mwinimbumba. Ndinalima chinangwa zaka zisanu ndi zitatu. Ankandimenya m'mawa chifukwa choiwala khasu, madzulo chifukwa choiwala mbuzi. Ndinabwerako ndi ndevu, dzina langa lokha ndikulemba movutikira, koma mutu ndi womwewu. Sunakhazikike, chemwali. Mpaka lero."

"Nanga bwanji mukufuna Triza apite njira yomweyo?"

"Mankhwala amene ndimawadziwa ndi amene anandimwetsa ine." Anataya katsamba kaja. "Zaka zonsezi ndimadziyesa chitsiru chimene Mulungu anachipatsa manja abwino pochimvera chisoni. Lero mayi wa mpango uja akuti zili ndi dzina."

Alesi anadikira kuti anene zoti mwana atsala. Sananene. A Winston anangoti, "Koma mawu ndinalankhula kale, pamaso pa madamu aja ndi pamaso pa alamu. Kumudzi azakhali ake ayala kale mphasa. Mwinimbumba akamasinthasintha ngati nyengo ya kuno, mawa adzamumvera ndani?"

Anafika kulayini Crispin atabwera kudzadya. Anayang'ana nkhope ya mkazi wake kufuna yankho, koma sanapezepo kanthu. Anakhala onse pakhonde, aliyense akuyang'ana kwake.

Ndipo Triza anatuluka m'nyumba. Anali atasamba, atadzola mafuta mpaka chipumi chikunyezimira, atavala diresi lake la Sabata. Pamutu anasenza kamtolo komanga m'chitenje chakale cha amayi ake. Anakatula pamapazi a amalume ake n'kugwada.

"Ndakonzeka, amalume. Mawa musavutike kundidikira."

Palibe amene anamuuza kuti alongedze. Akuluakulu ankayesa kuti nkhaniyi amaikamba mobisa, kuiwala kuti mwana amene amamva thalakitala ili kuseri kwa phiri sangalephere kumva zokambidwa pakhonde.

"Masulani muone," anatero. "Sindinaiwale kanthu. Ndinabwereza katatu."

A Winston anamasula mfundo. Munali madiresi awiri opindidwa bwino, juzi, mswachi, chipeso, kapu yake ya pulasitiki, nsapato zonse ziwiri. Pansi penipeni panali tsamba la masamu lija, lopindidwa kanayi.

"Ili ndi la chiyani? Kumudzi sukapita kusukulu."

"Ndikufuna azakhali akaone kuti nthawi zina ndimamaliza. Ndikakakhala bwino osaiwalaiwala, mudzandibweza, eti amalume? Ndiyesetsa. Ndimayesetsa masiku onse, kungoti sizioneka."

Alesi anatembenukira kukhoma. Crispin anayamba kuyang'anitsitsa zikhadabo zake ngati waziona koyamba. A Winston anakhala duu, tsamba lili m'manja, ndipo kwa kanthawi ndithu palibe chiwalo chawo chimene chinagwedera.

Kenako anayeretsa kukhosi, nakonza kolala ya jekete.

"Alamu."

"Wawa."

"Ine monga mwinimbumba ndaiona nkhaniyi mbali zonse. Ndagamula kuti mwanayu kumudzi sakupita. Angakationongere nthochi. Akhala pano, aphunzira pano. Amene adzamutchulenso kuti wosamva, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mnansi, kaya ndi inu nomwe, adzayankha kwa ine. Mwamva?"

"Tamva, alamu," anatero Crispin, ndipo aka kanali koyamba chikwatirire kuti chigamulo cha kuchikazi chimukomere chotere.

Triza anayang'ana amayi ake, anayang'ana bambo ake. "Sindikupita?"

"Sukupita, mwana wa mlongo wanga. Kabwezere katunduyu."

Mwanayo anakuwa mokweza moti nkhuku zinabalalika, nalumphira amalume ake m'khosi mpaka mpando unagwa chagada ndi onse awiri. Alesi analulutira. Teleza anatulukira pakhomo lake ndi chipande m'manja kudzafunsa ngati kwabadwa mwana, ndipo atamva nkhani analulutira nawo, nthungululu n'kuyenda khomo ndi khomo mpaka kumapeto kwa layini, ena akululutira asanadziwe n'komwe chomwe chachitika. Triza anathamanga kukauza anzake, katundu uja n'kumusiya pomwepo pakhonde ali mbwee.

"Mwaona?" anatero Alesi akutola nsapato, akuseka ndi misozi yomwe. "Wayambiranso."

"Musiye," anatero a Winston akudzisansa fumbi. "Lero wamaliza zokwanira."

Kumudzi a Winston anatumiza uthenga woti achedwa masiku angapo, pali nkhani ya mbumba yofunika kuilondoloza. Lachiwiri m'mawa anakwera minibasi ya ku Boma atatu, kalata ya madamu Salehe ili m'chikwama cha Alesi, poti pa anthu atatuwo ndi iye yekha amene akanafika nayo. Pachipatala anapeza mzere wautali, ndipo a Winston ndi Triza anauyenda uku ndi uku mpaka anadziwa matenda a aliyense.

Atafika pawindo, kalaliki anawerenga kalata ija osadzutsa mutu.

"Wodzaonedwa ndi ndani?"

Alesi anatsegula pakamwa, koma achimwene ake anamudula mawu. Anavula chipewa, nagwira dzanja la Triza.

"Lembani awiri," anatero.